Nondo ya ku Durban

1

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha musanamve kwa ena: ine Idah wa ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, pakamwa panga palibe chitseko. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Si kuti ndinali mbuli iyayi, koma aphunzitsi ankalimbikira za mitsinje ya ku Canada pamene ine ndinali ndi nkhani yotentha ya zimene mkazi wa ahedi anapeza m'thumba la jekete. Kumpope kwathu amanditcha Wailesi, ndipo akandiona ndikubwera ndi chidebe, ngakhale amene atunga kale sachoka.

Koma ya lero si ya aneba. Ndi ya m'nyumba mwathu momwe, ndipo machesi ake anali lilime langa lomweli.

Chaka chija fakitale ya feteleza inayamba kutulutsa anthu pageti, Ba Dadi, amene kutchalitchi amawadziwa kuti Dikoni Lighton, anali m'gulu loyamba. Atalandira pakeji yawo, ndalama zotsanzikira ntchito zija, anagula jekete yachikopa ndi kachikwama kam'manja, n'kuyamba kudzitchula bizinesimani. Masiku amenewo aliyense anali bizinesimani. Boma linali litamasula zonse: chimanga chamasulidwa, madola amasulidwa, salaula, kaunjika wa zovala uja, yadzaza mumsika mpaka kusowa popondapo. Ba Dadi nawonso anadzimasula. Anayamba kugona ku Shimabala, ati akuyang'anira projekiti ya tomato. Tomatoyo kunyumba sitinamuonepo, ngakhale wovunda.

Ba Mami sanasinthe. Lamlungu lililonse ankaphika nkhuku yopanda mchere chifukwa cha bipi ya Ba Dadi, ife n'kumadzithirira pambali, ndipo nondo ankaiika payokha m'kambale kovundikira. Nondo ndi ija a kum'mawa amati nthutumba. Kwathu kuno imeneyo ndi ya mwini nyumba. Mkazi amene anakhalapo pamphasa ya alangizi saidya, sapatsa mlendo, sapatsa ngakhale m'busa. Amapatsa mwamuna wake basi, ndi manja awiri. Koma Lolemba m'mawa kambale kaja tinkakapeza kadakali kovundikira, nyerere zikuzungulira.

Ndiye tchalitchi chathu cha Moto Watsopano chinalengeza Ulendo wa Mabanja wopita ku Durban, kukaona nyanja ndi kukatsitsimutsa maukwati. Ndili kuseri kwa katani, kumene ndimapezeka mwangozi kawirikawiri, ndinamva Ba Mami akuuza Amai Busa, akazi a Ba Pasta, motsitsa mawu:

"Ine sinifuna nyanja. Nifuna chabe bamuna banga babwele panyumba. Ngati na ku Durban bakana, ninshi nasiya."

Ine ananditenga ngati katundu. "Nikakusiya," anatero Ba Mami, "pobwela nizapeza Kafue yonse iziba na mtundu wa mapetikoti yanga."

2

M'basi munali mabanja okhaokha, kupatula ine, dalaivala, gaidi ndi Sisita Prudence.

Sisita Prudence anali woyambitsa makorasi, wosakwatiwa, wa siketi yofika m'akakolo, wofatsa ngati kankhosa ka pakalendala. Ba Dadi ndiwo anamumenyera nkhondo kukomiti kuti apite nawo, ati basi yopanda woimba ndi ya maliro. Dalaivala anali Ba Fines, batchala wa thupi ngati kabati, wamanyazi moti mkazi akawapatsa moni ankayankha chiwongolero.

Gaidi anali Ba Nelson, mnyamata wa ku Kitwe amene anakhalitsa ku Joni mpaka lilime linapindika. Ankayenda patsogolo atakweza ambulera yofiira, kaya kuli dzuwa kaya mvula, ife pambuyo ngati anapiye.

"Okei, mabwana na madona, kumanzele kwanu muona mapili ya golide!"

Mapiriwo anali milu ya dothi lachikasu lotsala kumigodi. Amake Joy, akazi a msungichuma wa mpingo, anapempha kuti basi iime atapeko pang'ono m'chitenje. M'chinyumba china chachitali mu Johannesburg tinakwera lifiti, ndipo itangonyamuka Amai Busa anayamba kupemphera m'malilime. Mzungu amene tinali naye anatsikira panjira.

Chakudya chilichonse Ba Nelson ankachilengeza ngati mlendo wolemekezeka: ichi n'cha Mabunu, ichi n'cha Ataliyana, ichi amadya ndi mpeni. Azimayi ankagwedeza mitu, kulawa kamodzi, kenako n'kutsegula zikwama pansi patebulo. Chikanda, kapenta, nsomba zouma za mu Kafue. Hotela imene tinagona ku Joni ndikhulupirira mpaka lero ikununkhabe kwathu.

Ba Mami anayesetsa, ndinaona ndi maso angawa. Anavala diresi latsopano la maluwa, anapaka milomo koyamba chibadwire changa, ankasendera Ba Dadi malalanje n'kuwachotsera ndi njere zomwe. Ba Dadi ankalandira osayang'ana. Maso awo ankakhala pawindo, kapena kutsogolo kumene korasi inkachokera. Ine ndinkati munthu wa Mulungu akumvetsera nyimbo.

3

Durban! Nyanja ilibe tsidya, abale anga. Mtsinje wathu wa Kafue uja ndi malovu chabe. Madikoni analowa m'madzi atavala masuti, mathalauza atapinda mpaka m'mawondo, funde n'kubwera kuwanyowetsa mpaka mataye. Azimayi anatulutsa zigubu za mafuta ophikira kutunga madzi a m'nyanja, ati amathamangitsa tsoka panyumba. Ba Pasta anadzudzula kuti zimenezo n'zachikunja, koma pokwera basi ndinawaona akukankhira chawo pansi pa mpando ndi phazi.

Kunyumba ya nsomba, kumene shaki zimasambira kuseri kwa galasi, mkulu wina wobadwira m'banja la asodzi anaima nthawi yaitali akuziyang'anitsitsa. Tinkati wagwidwa ndi ukulu wa chilengedwe. Kenako anafunsa Ba Nelson kuti yaikuluyo munthu angaiwambe bwanji. Masana tinadya buledi wobowola pakati wodzaza ndi ndiwo za Amwenye, za tsabola woti Ba Pasta analira misozi imene salira ngakhale polalikira za mtanda. Anatipatsanso tizilombo ta m'nyanja ta ndevu zazitali ndi maso akuda, ati maproni.

Amake Joy anakankha mbale. "Nachoka ku Zambia na pasipoti kubwela kudya mphemvu zosambila? Awe mwandi."

Ine ntchito yanga inali ina. Popeza tonse tinali osakwatiwa, anandiika chipinda chimodzi ndi Sisita Prudence. Tangoganizani, kusiya ine ndi chikwama cha munthu! Iye akusamba, zipi inatseguka yokha. M'katimo munali botolo la nshawa zokazinga, mtedza uja, ndi masokosi aamuna ochapa bwino, opindidwa ngati a mushopu. Nshawazo ndinalawako pang'ono, kuti umboni ukwane.

"Sisita, imwe simufuna kukwatiwa?" ndinamufunsa atatuluka.

"Mulungu ali na nthawi yake, Idah," anatero, akudzola mafuta onunkhira amene sindinawamvepo kutchalitchi.

M'mawa mwake ndinamutsata. Analowa m'basi anthu asanatsike kukamwa tiyi, atanyamula kaphukusi, n'kutulukamo chimanjamanja. Panja Ba Fines anali kutsuka matayala, akumwetulira okha. Mutu wanga unaphatikiza zonse pomwepo. Ndinathamanga mpaka kuchipinda cha Ba Mami, amene ndinawapeza akusita shati ya Ba Dadi.

"Ba Mami! Sisita Prudence na Ba Fines! Abachapila masokosi, abapelekela na nshawa. Koma kukazinga saziba, zilibe na mchele."

Ayironi inaima.

"Zilibe chani?"

"Mchele. Olo pang'ono. Nalawako."

Ba Mami anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka shati inayamba kununkha kupsa. "Usauze banthu," anatero.

Anthu sindinauze. Ndinauza munthu mmodzi yekha, Amake Joy, ndipo ndinawalumbiritsa. Pofika masana, Ba Fines akangoliza injini basi yonse inkayamba nyimbo ya ukwati. Iwo thukuta kamukamu, Sisita Prudence maso pansi. Titafika kumsika wa Amwenye, Ba Dadi anandikokera pambali, zala zawo zikuluma mkono wanga.

"Iwe Idah, uzaleka liti kuipisa maina ya bana ba Mulungu? Prudence na dalaiva? Dalaiva!"

Liwu lomalizalo analitchula ngati alumidwa ndi mavu. Ine ndinati ndi ukali wa udikoni. Kumsika komweko ndinaonanso Ba Mami akunong'onezana ndi Ba Nelson kuseri kwa matumba a tsabola. Imeneyo ndinaisunga, ndinati idzagwira ntchito tsiku la njala ya nkhani.

4

Chakudya chotsanzikana chinali masana a tsiku lomaliza, m'nyumba yodyera ya Apwitikizi pafupi ndi doko. Tebulo lalitali, mwamuna aliyense pambali pa mkazi wake, ife opanda eni kumapeto: ine, Sisita Prudence, ndi Ba Fines amene anthu anachita kuwakankhira pampando woyandikana naye.

Ba Nelson anagogoda tambula ndi foloko. "Mabwana na madona, choyambila cha lelo ni sipesho!"

Weita anatsitsa chimbale chachikulu pakati pa tebulo n'kuvundukula.

Nondo. Nondo zokhazokha, mulu, zikusambira mumsuzi wofiira wa tsabola.

Nkhuku imodzi ili ndi nondo imodzi, ndipo chibadwire palibe amene anaonapo mtundu wonse wa nondo utasonkhana pamalo amodzi.

"Yesu wanga," Amake Joy ananong'ona. "Ni manyumba yangati yamene babela?"

Amuna anayamba kukhosomola ndi kuwongola mataye. Amai Busa, amene saphonya mwayi wa chiphunzitso, anaimirira.

"Aleluya! Ichi ni chizindikilo. Mukazi aliyense atenge imozi, apase bamuna bake pamaso pa mpingo, na manja yabili, mwamene tinaphunzisiwa."

Azimayi anadzuka mmodzimmodzi, kutapa, kupinda bondo, kupereka, anthu n'kuwomba m'manja. Ba Mami anaika yawo pambale ya Ba Dadi n'kukhala pansi.

Ndiye ine. Ine ndi kamwa langali.

"Nanga Sisita Prudence? Ba Fines bazafa na njala!"

Tebulo linaphulika. "Apase! Apase! Apase!" Amake Joy anamukankhira supuni m'manja, nondo ili kale pamwamba. Ba Fines anabisa nkhope m'kansalu kopukutira pakamwa. Ba Mami okha ndiwo anayankhula mofatsa, ngati akuyamba pemphero.

"Pasani chabe, Sisita. Mulibe bamuna, palibe mulandu. Ni kanyama chabe."

Sisita Prudence anaimirira. Anayang'ana Ba Fines. Anayang'ana Ba Dadi, amene maso awo anali atafiira ngati msuzi uja. Kenako anayamba kuyenda. Anawadutsa Ba Fines. Anadutsa msungichuma. Anadutsa Ba Pasta, amene anali atakankhira kale mbale yawo patsogolo. Atafika pa Ba Dadi anagwada mawondo onse awiri pa simenti ya Apwitikizi, n'kugwira supuni ndi manja awiri, n'kuika nondo yake pambali pa ya Ba Mami.

"Munikhululukile, mpingo," anatero, misozi ili chuchuchu. "Ine ninalangiziwa. Siningapase mwamuna wina nondo pamaso pa bamuna banga. Banamaliza zonse za ukwati kuli bamalume ku Shimabala."

Ameneyo ndiye anali tomato uja.

5

Weita, wosadziwa kanthu, anabwera kudzafunsa ngati chakudya chili bwino. Ba Pasta anatsegula Baibulo mozondoka. Aliyense ankayembekeza kuti mbale ziuluka, ndipo ine ndinali nditakankhira kale mpando kumbuyo kuti ndione bwino. Koma aka kanali koyamba kuti nkhani yabwino chonchi indiwawe ineyo.

Ba Mami sanakweze mawu.

"Batate ba Idah, pali zibili apo. Sankhani imozi, inayo mubweze."

Ba Dadi anayang'ana kumanzere, anayang'ana pansi pamene Prudence anali chigwadire, anapukuta thukuta ndi taye.

"Amake Idah, izi ni za munyumba. Tizakamba ku Zambia. Manje tiyeni tidye, vizazizila."

Ndipo abale, bambo anga, dikoni wa mpingo, anatenga foloko n'kubaya zonse ziwiri pamodzi.

Foloko sinafike pakamwa. Ba Mami anailanda, anaiyang'ana pang'ono, n'kuluma. Mayi anga, amene anaphika nondo ukwati wawo wonse osanyambita ngakhale chala, anatafuna pang'onopang'ono, maso atatseka, mpingo wonse ukumva kukhukhuta kwake.

"Kansi ikoma so?" anatero. "Zaka zonse izi nenze kusungila munthu ichi?"

Anakokera chimbale chonse patsogolo pawo. Anatapa supuni yodzaza, anayenda mpaka kumapeto kwa tebulo, n'kukhuthulira pambale ya Ba Fines, Ba Dadi akuona.

"Pepani, Ba Fines, pa kamwa ya mwana wanga."

Panalibe wofuna kumasuliridwa. Mkazi akapatsa mwamuna wina nondo pamaso pa mwamuna wake, ndiye kuti mwamunayo kulibenso.

Amake Joy anatambasula dzanja n'kutenganso ija anali atangopereka kwa amuna awo. "Imwe muzadya mukaniuza kwamene mumankhala pa Chisanu." Ena anatsatira, mbale ndi mbale. Amai Busa anakuwa kuti "Dongosolo, bazimai!" koma m'mphepete mwa milomo yawo munali kale msuzi wofiira. Tsiku limenelo mwamuna amene anadya nondo ku Durban anali batchala yekha.

Ulendo wobwerera unalibe korasi. Ba Dadi anakhala kumbuyo kwenikweni, pakati pa zigubu za madzi othamangitsa tsoka, Prudence pambali pawo akuwapatsa nshawa poyera tsopano. Titaima pamalire pa Chirundu, ndinamva Ba Nelson akufunsa Ba Mami pafupi ndi chitseko:

"Madamu, oda yanu ija inafika mwamene munafunila?"

"Inakwana, mwana wanga. Zikomo."

Ndinawatsatira mpaka pampando. "Ba Mami, ndimwe munaitanisa? Munaziba?"

"Nshawa zilibe mchele, iwe. Mubasi yonse nindani wamene dokota anamulesa mchele? Uli na matu yakulu, Idah, koma mutu sunayambe kusebenza."

"Manje munaziba bwanji kuti nizakuwa za Ba Fines?"

Ba Mami anapukuta milomo imene sanaipakenso, n'kuyang'ana pawindo.

"Ninakubala ine."

Titafika pa Kafue, anauza Ba Fines kuti masutikesi a Ba Dadi asawatsitse. Shimabala ili kutsogolo pang'ono, msewu ndi womwewo.

6

Inu owerenga, makamaka atsikana anzanga a pampope, mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinasiya miseche. Amai Busa analalikira za ine Lamlungu lotsatira, osatchula dzina koma akundiyang'ana, ati lilime limapasula mabanja. Ndinayesa kukhala chete. Ndinadwala mutu, Ba Mami mpaka anandigulira mankhwala.

Koma ndikakhala pansi ndimadzifunsa: banja limene linapasuka ku Durban linali liti? Limene ine ndinkalidziwa linali kambale kovundikira ndi nyerere. Ine ndinangotsegula zipi. Cholakwa changa chenicheni, chimene chimandichititsa manyazi mpaka pano, n'chakuti ndinanamizira munthu wosalakwa, Ba Fines, ndipo nkhani yaikulu ya Nangongwe yonse inali kugona m'nyumba mwathu ine Wailesi osaidziwa. Ndiye ngati kamwa lanu lili ngati langa, yambani mwasesa m'nyumba mwanu, ndipo mukalawa chinthu muziganiza musanathamange.

Ba Dadi ndimawasowa, ndisaname. Masiku ena ndimamvabe ngati jekete yachikopa ija ikulira pakhomo.

Pano nondo nazonso zinamasulidwa. Mashopu atsopano a ku Lusaka amagulitsa m'mapaketi, mulu wonse, osafunsa ngati uli ndi mwamuna. Ba Mami amakaoda, n'kumawotcha pa timitengo pasiteshoni ya maminibasi, ndi tsabola wa ku Durban uja. Makasitomala ambiri ndi azimayi. Amadya ataimirira, akuseka, ena akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba. Ine ndimathandiza kutembenuza, ndipo pamalo amenewo nkhani zimabwera zokha, sindichita kuzitsata.

Tsiku lina minibasi ya ku Lusaka inaima, n'kutsika Ba Dadi, ataonda, jekete itasuwa m'zigongono, atanyamula kabokosi ka tomato weniweni. Anaima pamzere ngati wina aliyense. Atafika patsogolo anatsokomola.

"Amake Idah, zilibe mchele ziliko?"

Ba Mami anatembenuza kamtengo osakweza maso.

"Ku Shimabala."

Kambale kovundikira kaja kadakalipo. Kamakhala pambali pa mbaula, ndipo Ba Mami amasungiramo mchere.